Zomba Wawerama: Zokambakamba za Makosi ndi Zala za Ana a Sukulu

Mayeso akayandikira, Zomba amadwala khosi. Amatero ndi amayi a m'maokala a ku Chikanda, amene akuti nyengo imeneyi Panado ndi mafuta opaka m'khosi zimatha msanga kuposa sopo ndi machesi. Mnyamata amafika pazenera la okala dzanja lili kunkhongo, nkhope itakwinyika, n'kunena kuti wagonera khosi. Mawa lake mnzake amabwera ndi nkhani yomweyo. Pofika Lachisanu mdadada wonse wa nyumba wagonera khosi, ndipo amayiwo amaseka n'kufunsa ngati ana onsewa amagonera mtsamiro umodzi.

Nkhaniyi yatuluka m'maokala, yafika pasiteji ya akabaza, pamjigo, mometera tsitsi, pabawo, mpaka m'chipinda chopumira aphunzitsi. Kulikonse chala chikuloza foni, koma chifukwa chake aliyense ali ndi chakechake, ndipo akuchinena motsimikiza. Chokoma n'chakuti pafupifupi onse agwirako mbali ina ya zoona. Nazi zimene zikumveka m'tauni muno, pamodzi ndi zimene madokotala anapeza pa nkhani yomweyi.

Akabaza: mutu wa wophunzira umalemera

Akabaza a pamsewu wopita ku Chirunga akuti wophunzira amamudziwa asanatchule kumene akupita. Amakwera osagwira paliponse, manja onse awiri ali pafoni, chibwano chili pachifuwa. Njinga ikadumpha bampu, mphumi yake imagunda msana wa wopalasa, ndipo amapepesa maso osachoka pagalasi. Ena amapitirira potsikira, n'kudzazindukira ali patali, kenako mkangano wa ndalama yowonjezera umayamba.

Wakabaza wina ali ndi chiphunzitso chake chimene amachinena osaseka. Akuti mutu ukadzaza maphunziro umalemera, ndiye khosi limalephera kuusenza. "Taonani bwino, achimwene," amatero. "A chaka choyamba amayenda choongoka. Ofika chaka chachinayi onse ndi ozyolika." Anzake amamukuwiza, koma mkuluyu sanaphonye kwenikweni.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo digiri ya kusukulu siwonjezerapo kanthu. Chimene chimasintha ndi katundu amene khosi limamva mutuwo ukapendekera kutsogolo. Mu 2014 dokotala wa opaleshoni ya msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsa zimenezi pakompyuta. Anapeza kuti mutu ukawerama madigiri 15, khosi limakhala litasenza makilogalamu 12. Pa madigiri 30 amafika 18, pa madigiri 45 amafika 22, ndipo pa madigiri 60, pamene chibwano chatsala pang'ono kugunda chifuwa, amafika 27. Zithunzi zija zimayendayenda pa WhatsApp, za munthu wowerama ndi foni manambala atalembedwa pamutu, zinachokera kwa dokotala ameneyu. Iye anachita masamu, sanayeze makosi a anthu amoyo, komabe mfundo yake ndi yomveka: mutu ukamka nutalikira kutsogolo, ntchito ya khosi imamka nikula. Wakabaza uja atauzidwa zimenezi anagwedeza mutu n'kunena kuti iye ndi mzunguyo anaphunzira sukulu imodzi.

Pamjigo: bwerani musenze chidebe

Amayi a pamjigo atamva za makilogalamu 27 anaseka mpaka kugwirana mapewa. Iwo amasenza chidebe cha malita 20, amene ndi makilogalamu 20 a madzi, n'kukwera nacho chitunda, mwana ali kumbuyo, nkhani ikukambidwa. Ndiye mwana wa sukulu adandaule ndi kafoni kosakwana n'komwe kota ya kilogalamu? "Mwanawe, tabwera usenze ichi kamodzi, khosi lakolo lidziwe ntchito," anatero mayi wina kwa mtsikana amene ankadikira pamzere akudina foni.

Funso lawo n'labwino, ndipo yankho lake lili pankhata pomwepo. Mayi wosenza chidebe amaongola khosi, chifukwa akapendeketsa mutu pang'ono madzi amuthira kumsana. Katundu amatsika molunjika m'mafupa 7 a m'khosi, osanjikizana bwinobwino, n'kupitirira kumsana. Wowerama pafoni mutu wake wachoka pamwamba pa mafupa aja n'kulendewera kutsogolo, ndiye chougwira kuti usagwe ndi minofu ya kunkhongo ndi ya m'mapewa. Minofuyo imakoka osapuma nthawi yonse imene munthu akuwerenga. Chidebe chimatulidwa pakapita mphindi 10 kapena 20, pamene foni imagwiridwa maola. Mnofu wokungika nthawi yaitali magazi sayendamo bwino. Umatopa, umauma, ndipo ululu umakwera mpaka kumutu kapena kutsikira pakati pa mapewa.

Gogo wina amene ankatsuka chidebe chapatali anawadula anzake pakamwa. "Musamanamize ana, anzanga. Ifenso makosi amatipweteka, kungoti tinalibe wotifunsa." Ananena zoona. Kusenza katundu wolemera pamutu kwa zaka zambiri kumaperepesa mafupa a m'khosi ndi mfundo zake, ndipo amayi ambiri a kumudzi amakalamba ndi ululu umene sanautengerepo kuchipatala. Amayi aja anavomera ndi mitu, kenako mmodzi anauza mtsikanayo kuti aike foni m'thumba apope mjigo, popeza mapewa ake akufuna zimenezo. Pamenepanso sananame.

Mometera tsitsi: akuti kwamera nyanga

Ometa tsitsi a pafupi ndi msika akuti nkhongo za Zomba yense amazidziwa ndi iwo, ndipo palibe angawatsutse. Nkhani yawo ndi ya nyanga. Akuti ana a masiku ano akumera nyanga kunkhongo chifukwa cha foni, ndipo azungu anajambula kale. Kasitomala akamva amapapasa kumbuyo kwa mutu, n'kupezadi kachotupa, n'kuyamba kutuluka thukuta nsalu ili m'khosi. Wometa wina akuti pamalopo amachita kuzungulira kuopa kugumula mano a makina.

Mphekesera imeneyi ili ndi gwero lake. Mu 2018 ofufuza awiri a pa University of the Sunshine Coast ku Australia, David Shahar ndi Mark Sayers, anasindikiza zimene anaona pa zithunzi za X-ray za anthu 1,200. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi kafupa kosongoka pamalo pamene minyewa ya m'khosi imagwira chibade, ndipo achinyamata anali ambiri pagululi. Ofufuzawo anaganiza kuti mwina kuwerama n'kumene kumachititsa. Mu June 2019 nyuzipepala za kunja zinaitola nkhaniyi n'kuitcha nyanga, ndipo inathamanga dziko lonse. Akatswiri ena ataiwerenga bwino anaona kuti anthu ojambulidwawo sanafunsidwe n'komwe kuti amakhala maola angati pafoni, ndipo chaka chomwecho olembawo anatulutsa zokonza pa zimene ananena.

Kachotupa kamene chala chimakapeza kumbuyo kwa mutu ndi mbali ya chibade imene munthu aliyense ali nayo, wina kakang'ono, wina kokulirapo. Agogo athu anali nako asanaonepo foni. Makasitomala akamva izi mitima imakhala pansi, koma wometa uja sanagonje. Akuti tidikire zaka 10, ndipo tsiku limenelo mtengo wometera ukwera chifukwa ntchito idzakhala yovuta.

Pabawo: matendawa ndi akale

Madala a pabawo nkhaniyi amaitenga modekha. Mmodzi, amene anayamba ukalaliki Zomba adakali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, akuti palibe chachilendo. M'masiku awo munthu ankawerama pa makina otayipira kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo khosi, mapewa ndi zala zinkawawa chimodzimodzi. Kungoti palibe kholo limene linkalanda mwana wake makinawo, chifukwa ankabweretsa malipiro.

Mbiri ili kumbali yawo. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, amene analemba za matenda a anthu apantchito mu 1700, anawonjezera mu 1713 mutu wonena za alembi. Anatchula zinthu zitatu zimene zinkawadwalitsa: kukhala pansi nthawi yaitali, kuyendetsa dzanja mwanjira imodzimodzi osapuma, ndi kutopa kwa maganizo poopa kulakwitsa. Ikani wophunzira wa ku Chikanda pamalo pa mlembi uja, zitatu zonsezo mudzazipeza.

Mdala wina anafunsa kuti nanga iwo, amene amawerama pabawo tsiku lonse, bwanji makosi sawavuta kwambiri. Mnzake anayankha njere zili m'manja: "Inu, bambo, mumatha mphindi zisanu osadzuka kukangana?" Bwalo lonse linafa ndi phwete, koma yankho limeneli ndilo lagwira nkhani yonse pakati. Wosewera bawo amatambasula mkono, amayang'ana nkhope ya mnzake, amacheukira wodutsa kuti amupatse moni, amaseka mutu utagadama. Thupi lake silikhala pamalo amodzi. Wapafoni amatha ola lathunthu chikuyenda ndi chala chimodzi chokha.

Kafukufuku nayenso akulozera komweko. Ku Brazil mu 2018 ofufuza anajambula achinyamata 150 a zaka 18 mpaka 21 a ku Rio de Janeiro akulemba uthenga pafoni, n'kuyerekeza kaweramidwe kawo ndi madandaulo awo. Sanapeze kuti owerama kwambiri ndiwo ankamva khosi kuwawa kuposa anzawo. Ku Sweden, ofufuza a pa University of Gothenburg anatsatira achinyamata oposa 7,000 a zaka 20 mpaka 24 kwa zaka 5, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2017. Olemba mauthenga ambiri patsiku ndiwo ankadandaula kwambiri za khosi ndi manja. Patatha chaka, ena mwa iwo amene poyamba analibe vuto anali atayamba kumva zachilendo m'manja ndi m'zala, ndipo amene anali kale ndi ululu wa khosi unkachedwa kuwachoka. Tikaziika pamodzi, kuwerama pakokha si mlandu, pakuti khosi linalengedwa kuti lizipindika. Chovuta ndi kuuma pamalo amodzi nthawi yaitali, tsiku ndi tsiku. Onjezeraniponso kugona pang'ono ndi nkhawa ya mayeso, zimene zimakungitsa mapewa munthu osadziwa, ndiye mumvetsa chifukwa chake amayi a m'maokala amawerengera malonda awo pa kalendala ya sukulu.

Kwa aphunzitsi: dzanja likutopa patsamba lachiwiri

M'chipinda chopumira aphunzitsi nkhani yatsika kuchoka m'khosi kufika m'manja. Mayeso a MSCE amalembedwa ndi cholembera, chimodzimodzinso mayeso ambiri a kusukulu za ukachenjede. Oyang'anira mayeso akuti masiku ano mwana akalemba masamba awiri amaika cholembera pansi n'kuyamba kukutumula dzanja. Zilembo zimayamba zokongola patsamba loyamba, pofika lachitatu wochonga amachita kupendeketsa pepala.

Mphunzitsi wa Chichewa akuti foni yaononga chala chamanthu. Wa masamu akuti foni ilibe mlandu, vuto ndi lakuti ana anasiya kukopera manotsi: amangojambula bolodi, ndiye dzanja silizolowera kulemba nthawi yaitali. Mayi wophunzitsa sayansi anawasiya akangane mpaka tiyi atazizira, kenako anatenga choko n'kuwajambulira mkono pachitseko cha kabati.

Mitsempha yonse yopatsa dzanja mphamvu ndi kumva imachokera m'munsi mwa khosi. Imatuluka pakati pa mafupa, n'kudutsa pansi pa fupa la m'phewa, kukhwapa, mpaka kugawikana kukhala mitsempha ikuluikulu itatu yofika kuzala. Choncho chovuta cha m'khosi chingamveke kuchala, ndipo mtsempha ungapanikizikenso panjira. Wogona chagada n'kugwira foni chigongono chitapindika nthawi yaitali amakoka mtsempha wodutsa kuseri kwa chigongono, womwe uja umachita kuti nyezi ukagunditsa pachitseko. Zotsatira zake ndi dzanzi m'kachala kakang'ono ndi theka la chala chovala mphete. Mtsempha umenewu ndi umenenso umayendetsa timinofu tambiri ta m'chikhatho timene timathandiza kugwira cholembera. Wopinda dzanja polumikizira mkono amapanikiza mtsempha wina wodutsa m'kampata kopapatiza pamodzi ndi minyewa 9 ya zala, ndipo dzanzi lake limagwira chala chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku.

Chala chamanthu chili ndi vuto lakelake. Minyewa iwiri yochiyendetsa imadutsa m'kanjira kothina m'mbali mwa dzanja. Ikagwira ntchito yobwerezabwereza, kanjirako kamatupa, ndipo munthu amamva kuwawa pofinya zovala, potsegula botolo ndi polemba. Dokotala wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, anafotokoza matendawa mu 1895, ndipo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Amadziwika kwambiri mwa amayi onyamulanyamula makanda, koma chala chimene chimadina foni kambirimbiri patsiku chimayenda njira yomweyo.

Aphunzitsiwo anaseka kwambiri atamva za dokotala wina wa ku Spain. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kalata yochokera ku Granada yonena za mayi wa zaka 34, dokotala iyenso, amene anagwira ntchito usiku wa pa 24 December. Kutacha anakhala maola osachepera 6 akuyankha mauthenga a Khirisimasi, mpaka manja onse awiri anayamba kuwawa polumikizira mkono. Wolemba kalatayo anawatcha matendawo WhatsAppitis. Ahedi ataimva anati ndiye kuti si ana okha, ndipo anayang'ana mphunzitsi wa masamu, amene nthawi yonseyi foni inali m'manja.

Za mphamvu ya dzanja, ofufuza m'mayiko angapo ayesa ophunzira ndi kachipangizo kofinya. Ena apeza kuti okhalitsa pafoni amafinya mofookerapo, ena sanapeze kusiyana. Chimene aphunzitsi atatu aja anagwirizana n'chakuti dzanja limachita bwino ntchito imene lazolowera. Mwana amene akufuna kudzalemba maola awiri kapena atatu osapuma ayambiretu kulemba ndi cholembera tsamba limodzi kapena awiri tsiku lililonse mayeso adakali kutali.

Eni makosi akuti timve mbali yawo

Ophunzira nkhani zonsezi amazimva, ndipo akuti anthu akuwaweruza asanalowe m'zipinda zawo. Foni imene amayi a pamjigo akuiseka ndiyo laibulale yawo. Manotsi amabwera pagulu la WhatsApp la kalasi, mabuku ndi a PDF, kusintha kwa nthawi ya phunziro kumalengezedwa momwemo, ndalama yochokera kwa makolo imafikira momwemo pa Airtel Money kapena Mpamba. Chizolowezichi chinakula sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha COVID-19, ndipo zitatsegulidwa sichinabwerere m'mbuyo. Laputopu si aliyense angaikwanitse. Alipo ambiri amene amatayipa asayimenti yathunthu, masamba ndi masamba, ndi zala ziwiri pa Itel kapena Tecno, n'kukasindikiza kumsika.

Ndiye pali zipinda. Ambiri okhala kunja kwa mpanda wa sukulu amachita lendi kachipinda kokhala ndi matiresi, mbaula ndi msomali wokolekapo zovala. Tebulo mulibe, mpando mulibe. Kuwerenga kumachitika chogona, mutu utatsamira khoma, khosi litapindika, foni ili pamimba. Mabandulo otsika mtengo ndi ausiku, choncho nthawi imene thupi likufuna kugona ndi imene mabuku akutsitsidwa. Magetsi akathima, foni yomweyo ndiye nyali ndiyenso buku. "Atigulire tebulo kaye, kenako atinene," anatero mtsikana wina wa chaka chachitatu, anzake akuombera m'manja.

Komatu iwonso amaululana. Mnyamata wina atalumbira kuti khosi lake lapweteka ndi mabuku a zamalamulo, mnzake anamugwira phewa: "Aise, dzulo mpaka 2 koloko unali pa TikTok, kenako unayamba kukangana za Arsenal." Atsikana akuti anyamata zala zinatha ndi kubetcha mpira. Anyamata akuti atsikana amatha kulemba uthenga wautali kuposa asayimenti. Onse anavomereza kuti khosi silisiyanitsa ola la manotsi ndi ola la mavidiyo, ndipo ngati pali pochepetsa ndi pa lachiwirilo.

Mankhwala a m'tauni ndi mawu a kumafizo

Kumene kuli matenda sikusowa asing'anga. Wina akuti uthowe ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Wina akuti taya mtsamiro ugone pamphasa. Wina akuti imwa Brufen kapena Indocid, awiri m'mawa awiri madzulo. M'hositelo iliyonse mumapezeka mnyamata wotchuka ndi kuthyola makosi a anzake mpaka kumveka kuti khotcho, ndipo odwala amachoka akumuyamika. Agogo ena kumudzi akonzeka kale kutema mphini mwana akabwera patchuthi.

Madokotala a mafizo, amene ena mwa iwo amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, amasankhamo. Kuthowa ndi madzi ofunda amavomereza, chifukwa kumamasula minofu. Brufen ndi Indocid amachenjeza: akamwedwa kawirikawiri, makamaka m'mimba mulibe kanthu, amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amatha kuononga impso. Zothyoledwa khosi ndi mnzako amakaniratu, pakuti m'mafupa a m'khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo, ndipo kupotokola mwamphamvu kungaivulaze. Chomangira m'khosi chija anthu amabwerekana nachonso sachilimbikitsa pa ululu wamba, chifukwa khosi losayenda limaumirako.

Malangizo awo salira ndalama. Kwezani foni ifike chapachifuwa kapena kumaso, zigongono zitatsamira patebulo kapena pamtsamiro woika pamiyendo. Kulitsani zilembo kuti maso asakokere mutu pansi. Gwirani foni ndi manja awiri, kapena igwireni ndi dzanja limodzi n'kumadina ndi chamkombaphala cha dzanja linalo, kuti chamanthu chipumeko. Uthenga wautali unenedwe pakamwa, zija achinyamata amati VN. Pakatha mphindi 20 kapena 30 zilizonse, imirirani: yang'anani kudenga, cheukirani kumanja ndi kumanzere, zunguzani mapewa cham'mbuyo, bwezani chibwano cham'mbuyo osaweramitsa mutu n'kuwerenga mpaka 5, tambasulani zala n'kufumbata kangapo. Kuyenda pansi, kuthamanga, mpira wa miyendo kapena wa manja, ngakhale kukwera phiri la Zomba Loweruka, zonsezi zimalimbitsa minofu imene foni imatopetsa. Ululu wambiri wa khosi mwa achinyamata umatha wokha m'masiku kapena masabata ochepa munthu akayamba kutakataka ndi kugona mokwanira.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna nthabwala ngakhale pang'ono. Khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza kapena kudana ndi kuwala, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa angakhale matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga ndipo amafala mosavuta pamene anthu agona mothithikana. Ululu wotsika ndi mkono mpaka kuzala, dzanzi losachoka, dzanja lofooka mpaka kugwetsa kapu kapena kulephera kumanga batani, miyendo yolemera poyenda, ululu woyamba munthu atagwa kapena atachita ngozi ya njinga, ndi ululu wobwera ndi kuonda ndi thukuta lausiku, zonsezi akazione adokotala. Chipatala chachikulu cha Zomba chili pafupi, ndipo ku Blantyre kuli Queen Elizabeth Central Hospital ndi Kachere Rehabilitation Centre, kumene ntchito ya mafizo imagwiridwa. Mwana wodandaula zoterezi asangouzidwa kuti ndi foni imeneyo.

Kalipentala waona msika

Amene wamvetsera nkhani zonsezi mwatcheru kuposa aliyense ndi kalipentala wina wa ku Chinamwali. Iye za madigiri ndi mitsempha alibe nazo ntchito. Anangomva kuti ana alibe powerengera, n'kutenga zidutswa za matabwa zotsala pa mabedi n'kuyamba kukhoma timatebulo topinda miyendo, tokwana m'kachipinda kakang'ono, ndi timatabwa ta mphako toimikapo foni kuti munthu aziwerenga manja ali omasuka. Akuti wophunzira amene wabwera ndi mnzake amuchotsera.

Mkuluyu wagwira pamene pali vuto. Foni sitingailande, chifukwa kulanda foni ndi kulanda mabuku. Chimene tingachite ndi kupatsa mwana pokhala pabwino ndi chizolowezi chodzuka pafupipafupi. Makolo akamalemba mndandanda wa zotengera kusukulu, pambali pa ufa, shuga, sopo ndi bulangeti aikepo katebulo ndi kampando. Aphunzitsi a phunziro lalitali apatse kalasi mphindi imodzi yoimirira n'kudziongola, ndipo apitirize kupereka ntchito yolemba ndi dzanja. Kholo lopita kukaona mwana ku Chikanda, Matawale kapena Sadzi, lisanafunse za magiredi liyambe layang'ana pamene mwanayo amawerengera.

Eni nyumba nawonso nkhaniyi yawapeza. Mayi wina wa nyumba zalendi atamva kuti ophunzira ayamba kufunsa ngati m'chipinda muli tebulo asanafunse za madzi, anapita yekha kwa kalipentala uja kukafunsa mtengo wa matebulo a zipinda zake zonse. Anakangana pamtengo mpaka dzuwa kupendeka. Mayiwo akuti matabwa ndi otsala, choncho atsitse. Kalipentala akuti matabwa ndi otsala koma luso si lotsala. Anagwirizana kuti atatu oyamba aperekedwe mwezi uno, otsalawo lendi ikalowa, ndipo mayiwo anachoka atalonjeza kuti akauza anzawo a kumpingo amene ali ndi nyumba ku Mpondabwino.